Za Karl Barth: akuti agogo athu sankamudziwa Mulungu?

Nachisale_BT
Moni nonse apagulu. Ndinene poyambirira kuti ndabwera nditapsa mtima. Mwana wa achimwene anga ali chaka chachiwiri ku koleji ya zaubusa. Loweruka tinali kumudzi pa mwambo wa chiliza cha agogo athu aamuna, amene anamwalira osabatizidwa. Agogowo ndiwo ankatsogolera anthu kukathira nsembe mvula ikavuta, ndipo mudzi wonse umawakumbukira kuti anali munthu woopa Chauta, wosadya za eni. Tikucheza madzulo, mnyamatayu anangoti: "Kumeneko sikunali kudziwa Mulungu ayi. Karl Barth anati chipembedzo ndi kusakhulupirira." Amayi anangodzuka n'kukalowa m'nyumba. Ndiye inu ophunzira tandiuzani: Barth ameneyu ndi ndani? Ananenadi zimenezi? Ngati ananena, agogo anga anawadziwira kuti?

Chimkango77
Chaka chachiwiri ndiye choopsa. Munthu wawerenga masamba atatu, akuona ngati kumwamba amamufunsa nzeru. Akakaika maliro okwanira pa mpingo wa kumudzi adzafatsa yekha.

Mai_a_Mvano
Ine dzinali ndikulimva lero. Ndi wa mpingo wanji?

MbusaWopuma
Mayi Nachisale, pepani ndi zimene zinachitikazo. Mawuwo Barth analembadi, koma mnyamatayo wawaponyera munthu wolakwika. Ndiyambe ndi mwini mawuyo.

Karl Barth anabadwira ku Basel, m'dziko la Switzerland, mu 1886, ndipo anamwalirira komweko pa 10 Disembala 1968. Anali wa mpingo wa Reformed, mbumba imodzi ndi ife a CCAP ndi abale athu a RCZ ku Zambia. Anaphunzira ku Germany m'manja mwa akatswiri otchuka a nthawiyo, Adolf von Harnack ku Berlin ndi Wilhelm Herrmann ku Marburg. Maphunziro awo ankayambira pa munthu: zimene munthu amamva mumtima, chikumbumtima chake, kutukuka kwake. Kuyambira 1911 mpaka 1921 anali mbusa pa mudzi wa Safenwil, kumene Akhristu ake ambiri ankagwira ntchito m'mafakitale a nsalu pa malipiro ochepa. Anawathandiza kukhazikitsa mabungwe a apantchito, ndipo mu 1915 analowa chipani cha Social Democratic. Eni mafakitale sanakondwe naye.

Chimene chinamutembenuza ndi nkhondo yoyamba ya pa dziko lonse. Mu Okutobala 1914 anthu ophunzira 93 a ku Germany anasaina chikalata choikira kumbuyo dziko lawo pa nkhondoyo, ndipo pa mainawo panali Harnack ndi Herrmann, aphunzitsi ake enieni. Barth anadzifunsa kuti: ngati zimene anandiphunzitsa zingadalitse mfuti mosavuta chonchi, Mulungu amene ankamunenayo ndi uti? Anaona kuti ankangonena za munthu mokweza mawu n'kumayesa akunena za Mulungu. Iye ndi mnzake Eduard Thurneysen, mbusa wa mudzi wapafupi, anayambanso kuwerenga Baibulo ngati ana a kalasi. Mmenemo ndimo munatuluka buku lake lomasulira kalata ya Paulo kwa Aroma mu 1919, limene analilembanso lonse mu 1922. Mfundo yake inali yakuti Mulungu ndi Mulungu, munthu ndi munthu, ndipo munthu sangakwere yekha kukamupeza. Tikamudziwa, n'chifukwa wadziulula mwini wake mwa Yesu Khristu.

Tsono mawu amene mwamvawo ali m'mabuku ake aakulu otchedwa Church Dogmatics, m'gawo limene linatuluka mu 1938. Akutidi chipembedzo ndi kusakhulupirira. Koma akunenetsa kuti chiweruzo chimenechi chikugwera Chikhristu chomwe, ndipo chikuyambira pa ife. Kwa iye chipembedzo ndi khama la munthu lodzipangira mulungu womukomera ndi kudzilungamitsa yekha. Kachisi wa agogo alimo, inde. Koma guwa langa lilimonso, yunifomu ya Mvano ilimo, koleji imene mnyamatayo akuphunzirako ilimo. Amene wamumvetsa Barth sangaime pa manda a agogo ake n'kumadziona kuti iye ali mbali yabwino.

Kaphirintiwa
Abusa, ndi ulemu wonse, mwamusambitsa kwambiri munthuyu. M'gawo lomwelo, atagwetsa zipembedzo zonse, akudzutsapo chimodzi. Akuti Chikhristu ndicho chipembedzo choona, osati mwa ubwino wake, koma chifukwa cha dzina la Yesu, monga wochimwa amayesedwera wolungama. Ndiye tonse tagwa, wodzutsidwa ndi mmodzi. Kwa agogo a mayi Nachisale kusiyana kuli pati?

Ndipo sanadzivutitse kuphunzira zimene ankaweruzazo. D. T. Niles wa ku Sri Lanka anasimba yekha kuti Barth atamuuza kuti zipembedzo zina ndi kusakhulupirira basi, iye anamufunsa kuti wakumanapo ndi Ahindu angati. Barth anati palibe, koma akudziwiratu. Mu 1938 momwemo, pa msonkhano wa amishoni ku Tambaram m'dziko la India, Hendrik Kraemer wa ku Netherlands anabweretsa maganizo oyandikana nawo, akuti Uthenga Wabwino supitiriza zimene anthu ankakhulupirira kale, umazidula. N'zimene akatswiri athu anadzalimbana nazo: Bolaji Idowu analemba za Olodumare, Mulungu wa Ayoruba a ku Nigeria, mu 1962, John Mbiti wa ku Kenya mu 1970 anasonkhanitsa zimene mitundu yoposa 250 ya mu Afrika inkanena za Mlengi. Mbiti ankati amishoni sanabweretse Mulungu kuno, Mulungu ndiye anawabweretsa. A Murray ndi a Vlok pofika ku Mvera mu 1889 anapeza anthu akutchula kale Chauta, Namalenga, Mphambe. Ku Msinja kunali Makewana, ku Khulubvi kunali kachisi wa Mbona. Anthu onsewa mvula ankaipempha kwa yani?

Dalitso_LL
Aroma 1:19-20. Mphamvu yake ndi umulungu wake zimaoneka m'zolengedwa. Nkhani yatha.

MbusaWopuma
Pitirizani mpaka vesi 23, mphwanga. Paulo akuti anasinthanitsa ulemerero wa Mulungu ndi mafano. Barth anamasulira kalata yonseyo kawiri, mavesiwo sanamuphonye. Iye ankati chilengedwe chimalankhula, koma khutu la munthu limamva zimene likufuna.

Dalitso_LL
Nanga Machitidwe 14:17? Paulo akuuza anthu a ku Lustra kuti Mulungu sanadzisiye wopanda umboni, anawapatsa mvula ndi zokolola. Mvula yomweyo imene agogo ankapempha.

Mphunzitsi_Zomba
Funso la achimwene Dalitso ndi limene Emil Brunner wa ku Zurich anafunsa mu 1934. Brunner ndi Barth ankaonedwa ngati a gulu limodzi. Brunner analemba kabuku konena kuti ngakhale munthu anagwa mu uchimo, mwatsala kena kake mwa iye pamene Mawu a Mulungu angagwire, ndiponso kuti banja ndi boma zimaonetsako chifuniro cha Mlengi. Barth anamuyankha ndi kabuku ka mutu wakuti Nein, ayi wa Chijeremani. Ubwenzi unazizira kwa zaka zambiri.

Mukawerenga osayang'ana chaka muganiza kuti mkuluyu anali wamakani chabe. Koma Hitler anali atalowa m'boma mu Januwale 1933. Mu Julayi gulu lotchedwa Deutsche Christen linapambana zisankho za mumpingo ndi mavoti pafupifupi awiri mwa atatu alionse. Anthuwa sankakana Yesu. Ankati Yesu inde, komanso Mulungu walankhula m'magazi athu, m'nthaka yathu, m'mbiri ya mtundu wathu ndi mwa mtsogoleri amene watipatsa. Ankafuna abusa a magazi a Chiyuda achotsedwe pa udindo. Mu Novembala, pa msonkhano wawo ku Sportpalast mumzinda wa Berlin, Reinhold Krause anauza khamu la anthu pafupifupi 20,000 kuti Chipangano Chakale chitayidwe. Barth anaona kuti ukangotsegula khomo lachiwiri, lakuti Mulungu amadziululanso kwina, wolowerapo sumusankha ndiwe.

N'chifukwa chake chikalata cha Barmen, cha Akhristu a ku Germany otsutsa gulu limeneli, chimene mbali yake yaikulu analemba ndi iyeyo ndipo chinavomerezedwa kumapeto kwa Meyi 1934, chikuyamba ndi mfundo yakuti Yesu Khristu, monga Malemba akumuchitira umboni, ndiye Mawu amodzi a Mulungu amene tiyenera kuwamva, kuwadalira ndi kuwamvera, pa moyo ndi pa imfa. Kenako chikukana kuti mpingo ungalandire zochitika zina kapena maulamuliro ena ngati vumbulutso la Mulungu. Nthawiyo n'kuti ali pulofesa ku Bonn, wolipidwa ndi boma. Atauzidwa kulumbira kuti adzamvera Hitler, anati alumbira pokhapokha awonjezerepo mawu osonyeza kuti adzamvera kulekezera pamene chikhulupiriro chake chikumulola. Boma linakana, linamuimitsa ntchito mu Novembala 1934, ndipo mu 1935 anabwerera ku Basel.

WakuJoni
Apa ndilowererepo, chifukwa kuno ku South Africa nkhaniyi si ya m'mabuku okha. Mpingo wa Dutch Reformed, umene unatumiza amishoni ku Mvera ndi ku Magwero, unkaikira kumbuyo tsankho ndi nzeru yomweyo: yang'anani chilengedwe, Mulungu anapanga mitundu yosiyana, ndiye akufuna ikhale padera. Lipoti la sinodi yawo la 1974 linatsamira pa nkhani ya nsanja ya Babele. Aphunzitsi ena amene anatsutsa zimenezi, monga Jaap Durand ndi Dirkie Smit, anali owerenga Barth. Mu 1982 bungwe la mipingo ya Reformed ya pa dziko lonse litakumana ku Ottawa linagamula kuti kuteteza apartheid ndi Baibulo ndi chiphunzitso chonyenga, ndipo chaka chomwecho ku Belhar, ku Cape Town, kunalembedwa chivomerezo chimene chinakhazikitsidwa mu 1986. Mukachiika pambali pa Barmen muona kuti ndi pachibale: tikukhulupirira chakuti, choncho tikukana chakuti.

Kaphirintiwa
Aphunzitsi ndi achimwene a ku Joni, zonsezo sindikutsutsa. Koma taonani amene ankauzidwa ayi ameneyo. Ku Germany ndi ku South Africa anali anthu a boma ndi mfuti, okweza mtundu wawo mpaka pa mpando wa Mulungu. Agogo a mayi Nachisale analibe mfuti. Iwo ndi amene ankauzidwa kuti zonse za makolo ndi mdima, ng'oma ndi ya Satana, dzina lisinthidwe pa ubatizo. Mankhwala a malungo ndi abwino, koma sumupatsa munthu wothyoka mwendo. Wodzikweza amafunika kumva kuti Mulungu si mtundu wake. Woponderezedwa amafunika kumva kuti Mulungu sanayambe kumudziwa tsiku limene amishoni anafika.

Mphunzitsi_Zomba
Mwanena bwino, koma woponderezedwa wa dzulo ndiye akulamula lero. Chiyambire 1964 boma ndi lathu. Mipingo yathu yambiri imayenda m'malire a zigawo ndi zilankhulo. Kampeni ikafika timamva abusa akulengeza kuti uje ndi wodzozedwa ndi Mulungu, ndipo mwangozi wodzozedwayo amakhala wa kwawo kwa abusawo. Ameneyo si Namalenga wa agogo. Ndi khomo lachiwiri lija, ndipo talitsegula tokha.

WaKuChipata
Kuno kwathu vuto si agogo ayi, vuto ndi "Mulungu wandiuza". Mneneri aliyense ali ndi vumbulutso lake la usiku wapitawu, ndipo limathera pa nambala ya foni yotumizira mbewu. Pamenepo ayi wa Barth ine ndikumufuna, ndi wamkulu yemwe.

MwanaWaMaria
Ndakhala ndikungowerenga, koma abale a Chipulotesitanti mundilole. Ife Akatolika timaphunzitsa poyera, monga unanenera msonkhano woyamba wa Vatican mu 1870, kuti munthu angathe kudziwa Mulungu poona zolengedwa. Barth m'mawu oyamba a buku lake la 1932 anafika ponena kuti maganizo ena a Chikatolika a mtundu umenewu ndi zopeka za Wokana Khristu. Chabwino. Koma pa 8 Malichi 1992, kalata yodzudzula boma la chipani chimodzi inawerengedwa m'matchalitchi a yani? Analemba ndi maepiskopi athu, a khomo lachiwiri omwewo, ndipo a Monsinyo John Roche anapitikitsidwa m'dziko chifukwa cha iyo. A CCAP anabwera ndi yawo mu Juni, ndiponso si masinodi onse. Ndiye musatiuze kuti popanda Barth munthu sangakanize mfumu.

Chimkango77
Kkkkk a ku Roma alowa ndi chikwanje.

Admin_Gulu
Za masinodi zisapitirire pamenepo chonde. Mukudziwa mmene inathera nkhani ya malire ija.

Mphunzitsi_Zomba
Achemwali a MwanaWaMaria mwamenya pabwino. Chiphunzitso cholondola sichimupatsa munthu kulimba mtima pachokha, ndipo Barmen yomweyo ndi umboni: mfundo zake zonse 6 sizikutchula Ayuda ozunzidwa. Zinateteza mpingo kuposa anthu. Barth mu 1967 analembera Eberhard Bethge, mnzake wa Dietrich Bonhoeffer, mbusa amene anaphedwa ndi boma la Hitler, kuvomereza kuti pamenepo anali ndi mlandu. Mu 1956 asilikali a Soviet Union atapondereza anthu ku Hungary iye sanalankhule poyera, mpaka Reinhold Niebuhr wa ku America anamufunsa m'nyuzipepala chifukwa chake. Chodabwitsa n'chakuti Akatolika ndi amene anamuwerenga mwachidwi kwambiri. Hans Urs von Balthasar anamulembera buku lonse mu 1951, Hans Küng mu 1957, ndipo mu 1966 Barth anapita ku Roma kukaonana ndi Papa Paulo VI.

Mai_a_Mvano
Pepani ndikupatutseni. Ndapita pa Google kuti ndimuone nkhope munthu wanuyu, ndipo ndapeza zina zimene abambo nonse simunatchule. Charlotte von Kirschbaum ndi ndani? Chifukwa ndikuwerenga kuti ankakhala m'nyumba imodzi ndi Barth ndi mkazi wake.

Chimkango77
Apa ndiye pafika pokoma.

MbusaWopuma
Mayi, mwafunsa moyenera, ndipo sindizemba. Barth anakwatira Nelly Hoffmann mu 1913, anabereka ana asanu. Charlotte anali womuthandiza ntchito, wocheperapo ndi zaka 13, ndipo mu 1929 anasamukira m'nyumba mwawo. Anakhalamo zaka zoposa 35, mpaka anadwala matenda oiwala n'kupita kumalo osamalira odwala. Kwa nthawi yaitali ophunzira ake ankati anali mlembi chabe. Mu 2008 makalata awo anasindikizidwa, ana a Barth atavomera, ndipo kukayika konse kunatha: ankakondana, ndipo Nelly ankadziwa ndi kuvutika nazo. Mu 1933 nkhani ya kusudzulana inakambidwa koma sinachitike. Charlotte anamwalira mu 1975, Nelly mu 1976, ndipo atatu onsewo ali m'manda amodzi ku Basel.

Chondiwawa ine n'chakuti m'gawo la 1951 la mabuku omwewo akuphunzitsa za ukwati wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi.

Nachisale_BT
Dikirani kaye. Mukudziwa chifukwa chake agogo anamwalira osabatizidwa? Anali a mitala. Analowa kalasi atakalamba, koma anauzidwa kuti ayambe asiya agogo aang'ono. Iwo anati mkazi amene wandiberekera ana asanu ndi mmodzi ndimutaye kuti? Anabwerera kunyumba. Ndiye lero mukundiuza kuti amene akuwerengedwa ku koleji ankakhala ndi akazi awiri m'nyumba imodzi akulalikirabe?

Mai_a_Mvano
Bola agogo anakwatira poyera, ankhoswe akudziwa, aliyense ndi nyumba yake. Uyu akanakhala wa pa mpingo pathu seshoni ikanamudula kalekale.

Dalitso_LL
1 Timoteo 3:2. Woyang'anira akhale mwamuna wa mkazi mmodzi. Ine mabuku ake sindigwira.

Chimkango77
Ndiye Masalimo a Davide muwang'ambenso m'Baibulo mwanu?

Mai_a_Mvano
Davide analapa, achimwene. Salimo 51 lilipo. La Barth lili kuti?

MbusaWopuma
Funso limenelo n'lolemera, ndipo sindimuteteza. M'makalatamo akuoneka munthu wodziwa kuti akupweteka anthu awiri, koma wodzifotokozera kuti sangachitire mwina. Munthu amene anadzudzula dziko lonse chifukwa chotenga zomva za mumtima ngati mawu a Mulungu anagonja pa zomva za mumtima mwake. Ine ndimamuwerengabe, koma zimene analemba zakuti mwamuna atsogole mkazi atsatire ndimaziwerenga ndi diso lina.

NaPhiri_Leeds
Ndipo tisamangomutchula Charlotte ngati chibwenzi basi. Mayi ameneyu ndiye ankawerenga mabuku akale, kusonkhanitsa mawu a Augustine, Luther ndi Calvin pa timakadi, kutaipa ndi kukonza zolembazo. Masamba oposa 9,000 amene anatuluka pakati pa 1932 ndi 1967 sanalembedwe ndi dzanja limodzi. Iye atadwala, ntchitoyo sinapitenso patali, ndipo gawo lomaliza la za chiombolo silinalembedwe. Anamuthokoza m'mawu oyamba a gawo lina, koma pachikuto pali dzina limodzi. Amayi awiri analipira mtengo wa mabuku amenewa.

Dalitso_LL
Ngakhale tisiye za akazizo. Si yemweyu ankati Baibulo si Mawu a Mulungu? Cornelius Van Til anachenjeza kale mu 1946 kuti ndi chiphunzitso cha makono chovala jekete la Calvin.

Mphunzitsi_Zomba
Van Til anamutsutsadi mpaka mapeto. Koma chimene Barth ankanena ndi ichi: Mawu a Mulungu poyamba ndi munthu, Yesu Khristu, monga akunenera Yohane 1. Baibulo ndi mboni yake, ulaliki umatsamira pa mboniyo. Olemba Baibulo anali anthu otha kuphonya, ndipo bukulo limakhala Mawu a Mulungu kwa iwe pamene Mulungu mwini walankhula nalo, osati chifukwa uli nalo m'manja. Pamenepo a Evangelical ambiri amasiyana naye, ndipo ali ndi zifukwa. Koma wonena kuti ankanyoza Baibulo atsegule gawo lililonse aone masamba a zilembo zing'onozing'ono odzaza ndi kumasulira mavesi. Atakalamba ankalalikira kawirikawiri kundende ya ku Basel.

MbusaWopuma
Ndibwerere kwa mayi Nachisale, chifukwa pali mbali imene mnyamata wa chaka chachiwiri mwina sanafikeko. Mu 1942 Barth anatulutsa gawo la za kusankhidwa. Ife a Reformed tinalandira kuchokera kwa Calvin ndi msonkhano wa Dort wa 1618 mpaka 1619 chiphunzitso chakuti Mulungu anasankhiratu ena, ena n'kuwasiya. Barth anachitembenuza. Anati Yesu Khristu ndiye Mulungu wosankha, ndiyenso munthu wosankhidwa, ndipo kukanidwa kumene kunayenera ife anakusenza yekha pa mtanda. Chisankho choyamba cha Mulungu n'chakuti sadzakhala Mulungu popanda munthu. Anthu anamufunsa ngati akutanthauza kuti onse adzapulumuka. Sanavomere kuti ndi chiphunzitso, chifukwa munthu sangamukakamize Mulungu, koma anakananso kutseka chitseko.

Ndiye kwa Barth funso lakuti agogo ankamudziwa bwanji Mulungu si limene limagamula mlandu. Logamula ndi lakuti Mulungu anawachitira chiyani agogowo mwa Khristu, iwo asanabadwe, amishoni asanabadwe. Pa zimenezi ine ndi agogo tili pa mzere umodzi.

Komanso mu 1959 analemba kuti kunja kwa mpingo kungamveke mawu oona, ndi kuti m'chilengedwe muli kuwala kwina kwakung'ono, ngakhale kuti Kuwala kwa moyo ndi mmodzi. Ndipo kale mu 1932 anali atalemba kuti Mulungu akafuna angalankhule kudzera mu chikomyunizimu cha ku Russia, nyimbo ya chitoliro, chitsamba cha maluwa, kapena galu wakufa, ndipo akatero tiyenera kumva. Brunner ali pafupi kumwalira mu 1966, Barth anamutumizira uthenga wakuti nthawi yomuuza ayi inapita kale.

Kaphirintiwa
Ndiye agogo awapatsa malo pambali pa galu wakufa. Zikomo kwambiri, abusa.

Chimkango77
Kkkkkk ndafa ine.

Mphunzitsi_Zomba
Pa mndandanda womwewo pali nyimbo ya chitoliro, achimwene, ndipo munthuyu m'mawa uliwonse ankayamba ndi kumvetsera Mozart asanagwire cholembera. Sankanyoza. Ankanena kuti Mulungu ndi mfulu, samangidwa ndi guwa.

Kaphirintiwa
Pamenepo ndi pamene ndikufuna. Mozart anamupatsa khutu tsiku lililonse, ndipo anamvamo kutamanda Mlengi. Mapemphero a anthu opempha mvula sanawapatse khutu, anangodziwiratu. Ndikuvomera kuti chiphunzitso chake chili ndi malo a agogo, koma iye sanawakhazikepo. Anachita zimenezo ndi ena, monga Kwame Bediako wa ku Ghana, amene anaonetsa kuti Akhristu oyamba a Chigiriki, a Justin ndi a Clement wa ku Alexandria, anafunsa funso lomweli za makolo awo, ndipo sanawataye. Tsono funso langa latsala: kuwala kwakung'onoko amakuyesa ndani? Chifukwa mpaka pano woyesa amakhala amene anaphunzira mabuku a ku Ulaya, woyesedwa ndi ng'oma.

Mphunzitsi_Zomba
Barth akanati muyeso ndi Khristu wa m'Malemba, osati Mzungu, ndipo muyeso womwewo umayesa Mozart, Calvin ndi Barth yemwe. Koma wogwira muyesowo ndi munthu, ndipo pamenepo nkhawa yanu ndi yoona. Byang Kato wa ku Nigeria mu 1975 anaugwira n'kunena kuti Mbiti ndi Idowu apitirira malire. Onse atatu anali Aafrika, onse owerenga Baibulo limodzi. Nawonso sanagwirizane.

WaKuChipata
Abusa, ndamva kuti mkuluyu ankakananso ubatizo wa ana. Zoona? Chifukwa ngati zili choncho, makoleji athu akuphunzitsa munthu wotsutsa zimene timachita Lamulungu lililonse.

MbusaWopuma
Zoona. Anayamba kunena mu 1943, ndipo kagawo komaliza kamene anatulutsa mu 1967 ndi ka nkhani imeneyi. Anati ubatizo wa madzi ndi yankho la munthu kwa Mulungu, ndipo khanda silingayankhe. Ankaonanso kuti ku Ulaya ubatizo wa ana ndi umene unapangitsa kuti kubadwa Mjeremani ndi kukhala Mkhristu zioneke ngati chinthu chimodzi. Mwana wake Markus, katswiri wa Chipangano Chatsopano, anamukokera kwambiri mbali imeneyo. Mipingo ya Reformed sinamutsatire, ndipo ine ndabatiza makanda moyo wanga wonse.

Mlaliki_wa_Baptist
Ndiye pomaliza mkuluyu anali wathu. Takulandirani, a Barth, ngakhale mochedwa.

Mai_a_Mvano
Mutengeni ndithu, koma mutengenso nkhani ya akazi awiri ija.

Admin_Gulu
Za ubatizo wa ana tsegulani mutu wina, apa zitisokoneza.

Dalitso_LL
Ndatsegula kale. A Baptist bwerani kumeneko, ndipo muyambe mwawerenga Machitidwe 16, nkhani ya Lidiya ndi ya mdindo wa ndende. Akuti anabatizidwa ndi a pabanja pawo onse.